Kobiri Lopanda Bowo

Bertrams, Joni
10 Malichi 1996

Amake Nathan,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Ine kuno ndili bwino, thupi lonse likugwira ntchito kupatula dzino lija lakumanzere, lomwe ndalizolowera ngati mnansi waphokoso. Kaya inu ku Bundabundako mwadzuka bwanji pamodzi ndi Amayi, Nathan ndi mlendo wathu watsopano.

Kalata yanu a Tenson anandipatsa atangotsika m'thiraki lawo, ndipo ndinaiwerenga nditaima pamsewu pomwepo. Mwati ndi wamkazi, mwati Amayi amutcha Towela, mwatinso ali ndi makutu anga. Za makutuzo pepani, sindinachitire dala. Jenala, ndinasangalala mpaka ndinawagulira a Tenson nkhuku yokazinga, ine amene mumanditi wouma manja. Koma mtima unandiwawanso, chifukwa mwana wanga akukula ine ndikumudziwa papepala basi. Khirisimasi ino ndibwera. Ndayamba kale kupatula ndalama ya basi, ndipo sindiikhudza ngakhale dzino livute bwanji.

Ntchito yotsuka magalimoto ndinasiya. Chifukwa chake ndidzakuuzani pakamwa. Tsopano ndili pa kasitolo kena m'tauni, ka mkulu wachigiriki dzina lake Bambo Kosta. Ndimasesa, ndimapukuta magalasi, ndimaphika tiyi, kenako n'kuima pakhomo ndi nkhope yoopsa. Mkuluyu anakhalako ku Lusaka kalekale, anali ndi malo ophikira buledi. Atamva kuti ndine wa ku Zambia anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Uli bwanji, mwana wa kwathu?" Chinyanja chake n'chothyokathyoka koma chimafika kumene chikupita.

Mukamva zomwe timagulitsa museka. Timagulitsa ndalama. Ndalama zakale, zoti simungagule nazo ngakhale machesi. Anthu a masuti amabwera, amapereka ndalama zamoyo, amatenga zakufa, n'kutuluka akumwetulira. Poyamba ndinkaganiza kuti mitu yawo siyenda bwino. Tsopano ndimangowatsegulira chitseko mwaulemu, poti malipiro anga amachokera m'mitu yomweyo.

Ndatumiza marandi 200. Mukasinthe ku Lusaka, osati kwa anyamata a pamsewu. Mugule matewera, sopo ndi nsapato za Nathan, zokulirapo pang'ono. Yotsala musunge ya aganyu okolola. Chimanga musagulitse kwa aja amabwera ndi sikelo pa njinga chisanaume, adzakuberani pamaso. Mbuzi yamawanga ija muzimanga, sindifuna mlandu wina ndi ba Chipego.

Pali kanthu kena. Ndikupukuta thireyi ya makobiri a nthawi ya Chitaganya, aja a njovu ziwiri ndi bowo pakati, ndinakumbukira kobiri la malemu Atate. Anawapatsa ngati chenji ku Fort Jameson, Chipata wa lero, akadali mnyamata, ndipo palibe sitolo inalilandira chifukwa linalibe bowo. Ndinawauza Bambo Kosta kuti aseke. Sanaseke. Anaika buledi wawo pansi n'kundifunsa kuti, "Lilibe chibowo? Unaliona na maso yako, iwe?" Akuti anthu awa amakonda kwambiri ndalama yomwe inalakwika posula kuposa yabwinobwino.

Ndiye mukapeza mpata mufufuze m'sutikesi ya Atate. Koma Amayi musawauze chifukwa chake. Mukuwadziwa. Akamva lero, mawa Chigwirizano chonse cha amayi a ku tchalitchi chidziwa kuti m'nyumba mwathu muli chuma, ndipo mbala nazo zili ndi makutu.

Ine mwamuna wanu,
Yoramu Mbewe


Bertrams, Joni
19 Meyi 1996

Amake Nathan,

Ndikuyembekeza kuti nonse muli amoyo ndipo msana wanu wapuma mutakolola. Ine ndikadali wamphumphu. Ndamva kuti nkhokwe yadzaza ndipo nshawa zachita bwino. Mulungu alemekezeke, pakuti chaka chatha nthawi ngati ino tinkawerenga zitsononkho. Mwandiseketsa ndi nkhani ya Towela ku sikelo, kuti anakuwa mpaka anamwino anamutcha kapitawo. Ameneyo ndi magazi a kwanu, kwathu ndife ofatsa.

Kobiri lija mwalipeza! Kodi linali m'kachitini ka Amayi ka singano ndi mabatani zaka zonsezi? Ndawamva mawu awo m'kalata yanu ngati ali pompano: "Kobiri lolemala lija? Ndinawauza atate ake kuti kalibooletseni likhale ngati anzake, iwo osamva." Poti akukana kukupatsani, lisiyeni m'manja mwawo. Muzingobwereka mukafuna kuliona, muziti ndikufuna kukumbukira Atate. Limenelo si bodza kwenikweni.

Bambo Kosta akuti tisayambe kulota msanga. Akuti alipo anthu ochenjera amene amatenga kobiri wamba, kutseka bowo ndi mtovu, kupaka utoto, n'kumaligulitsa ngati lobadwa choncho. Ndinati Atate sanali munthu wotero. Iwo anati, "Atate ako iyayi, koma wamene anabapasa chenji unamuziba?"

Tsono mundithandize motere. Choyamba, ndipo ichi ndikulemba ndi zilembo zazikulu mumtima mwanga, musalikweche. Ndikukudziwani, Jenala, chilichonse chakuda m'nyumba mwanu chimakumana ndi phulusa ndi mandimu. Kuda kwakeko ndiye ukalamba wake, ndipo ogula amalipira ukalambawo. Likawala ngati poto wanu, latha ntchito.

Mutenge pepala la m'kope la Nathan, muike kobiri pansi pake, mupake pensulo pamwamba pang'onopang'ono mpaka chithunzi chituluke. Mbali zonse ziwiri. Kenako mubwereke kobiri la bowo kwa mlongo wanga Mavis, ali nalo lina lomwe amamangira makiyi. Mugoneke pensulo patebulo, rula pamwamba pake pakatikati, kobiri lina uku lina uko. Lathu liyenera kutsika, poti mkuwa wa pakati sunachotsedwe. Mukatero mupite nalo padzuwa muyang'anitsitse pakati pa njovu ziwirizo ngati pali kamzere kozungulira kapena mtundu wosiyana. Maso anu ndi akuthwa kuposa anga, paja mumaona ngakhale ndalama yobisika m'sokosi.

Chipinda tsopano ndikukhala ndekha. Jethro wa ku Katete, amene tinkagawana lendi, anatuluka Loweruka lina kukagula buledi ndipo bulangete lake likadali pomwe analisiya. Akuti galimoto ya apolisi ogwira anthu opanda mapepala inali pakona tsiku limenelo. Musade nkhawa, ine ndimadzera njira ina. Lendi yokha ndiye yandilemera, n'chifukwa chake ndatumiza 150 basi. Ya basi ija sindinaikhudze.

Feteleza mugule mwezi uno kapena wamawa mitengo isanakwere. Mupereke moni kwa abusa ndi kwa alamu anga onse.

Wanu,
Yoramu


Bertrams, Joni
14 Julaye 1996

Amake Nathan,

Moni kuchokera m'dziko lozizira. Chisanu cha kuno sichili ngati cha kwathu chomwe chimathawa dzuwa likatuluka. Cha kuno chimalowa m'mafupa n'kuyala mphasa. Ndinadwalako chifuwa koma chapita, chatsala kakhosomole ka m'mawa. Ndamva kuti Amayi miyendo ikuwavutanso. Mafuta opaka omwe ndaika m'phukusi ndi awo, juzi yofiira ndi ya Towela. Ngati yakula adzaipeza kutsogolo, ine ndagula mongoyerekeza.

Ntchito munagwira ndi yaukatswiri. Pepala lanu Bambo Kosta analiyala pagalasi, anaika kagalasi kawo pa diso, analiunika mpaka tiyi anazizira. Chaka chikuwerengeka bwino, 1957. Makwinya a pa makutu a njovu akuoneka, ndiye akuti silinayende m'manja ambiri, zomwe n'zoona poti aliyense ankalikana. Za rula anakondwa kumva kuti lathu linatsika, koma akuti lotsekedwa ndi mtovu nalonso limatsika. Zoti simunaone kamzere pakati akuti ndi nkhani yabwino. Kenako anandiuza kuti, "Mukazi wako ali na mutu. Ni iye afunika nchito pano, osati iwe." Musadzitukumule nazo.

Chomwe sanakonde ndi tizikanda ta m'mphepete. Anafunsa kuti n'chiyani chinaliluma. Ndinakumbukira kuti Atate ankatsegulira nalo kumbuyo kwa wailesi posintha mabatire. Mkuluyo anagwira mutu ngati wamva uthenga wa maliro.

Tsopano mvetserani bwino, apa ndiye pali nkhani. Kobiri lotere munthu sangaligule pamtengo wabwino chifukwa choti Yoramu walumbira. Ku Amereka kuli akatswiri oyesa ndalama. Amaliunika, amaliyeza, akakhutira kuti linabadwa choncho amalipatsa nambala yosonyeza ubwino wake, n'kulitsekera m'kapulasitiki kolimba. Likakhala m'menemo wogula satsutsanso. Koma kuyesako n'kolipira, ndipo ndi mtengo wa positi ndi inshuwalansi zonse zikufika marandi 450. Ndalama imeneyo sibwerera ngakhale atanena kuti ndi lachinyengo. Yankho lake limatenga miyezi.

Ndinafunsa kuti tsono phindu lake ndi lotani. Akuti likapeza nambala yabwino lingafike marandi 3,000. Jenala, amenewo ndi malata a nyumba yonse ndi misomali yomwe. Likapeza nambala yotsika chifukwa cha tizikanda tija, tingangobweza zomwe tawononga. Likapezeka lotsekedwa, tataya. Iwo akuti sangandiuze kuti tumiza kapena leka asanaligwire m'manja, poti pepala silinena zonse.

Ndalama yokwana 450 ndili nayo pamalo amodzi okha, ndipo mukuidziwa. Ndi ya basi ya Khirisimasi. Ndayesa kuwerengera uku ndi uku, ziwiri zonse sizikwana. Ndikalituma kobiri ku Amereka, ine ndikhala kuno mpaka Pasaka kapena kupitirira. Ndikakwera basi, kobiri lidikira chaka china, ndipo Bambo Kosta akunena zotseka sitolo kupita kwa mwana wawo ku Durban, poti m'tauni muno simukuyendekanso bwino. Mwezi watha galasi lathu lakutsogolo tinaika lina. Akachoka iwo, palibe wina amene angandithandize popanda kundidyera.

Ndiuzeni maganizo anu. Musandibisire.

Ndine wanu nthawi zonse,
Yoramu


Bertrams, Joni
8 Sepitembala 1996

Amake Nathan,

Ndili bwino, kuzizira kwatha, mitengo ya m'misewu yayamba kuphuka. Ndikuthokoza Mulungu kumva kuti nonse muli bwino, kuti Amayi afika okha ku tchalitchi, ndi kuti Towela wayamba kukwawa ndipo watulutsa mano awiri. Mwati analuma Nathan chala. Muuzeni Nathan kuti ukulu ndi umenewo.

Kalata yanu inali ndi masamba atatu. Za mbuzi tsamba lathunthu, za ukwati wa mwana wa ba Chipego tsamba ndi theka. Za funso langa mzere umodzi: "Kobiri ndi la atate anu, ndalama ndi yanu, chitani chomwe mwaona." Jenala, ndakhala nanu zaka zokwanira. Mukayankha mwaulemu chonchi ndimadziwa kuti kunja kukuchita mitambo.

Komabe ndiloleni ndinene mbali yanga. Denga lathu la udzu mumalidziwa. Dzinja lililonse mumasuntha mphasa kuthawa madontho, ndipo chaka chino muli ndi khanda. Ndinabwera kuno kuti zoterezi zithe. Ndi malipiro anga malata tidzawapeza pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ngati ntchito ikhalapo. Mwayi ngati uwu subwera kawiri kwa munthu ngati ine. Towela sadziwa kuti Khirisimasi n'chiyani. Ndikabwera pa Pasaka adzakhala akuyenda, ndipo ndidzabwera ndi kanthu m'manja.

Ndikulemba izi molimba mtima, koma musaganize kuti sizikundipweteka. Kuli mayi wina amagulitsa zipatso pafupi ndi sitolo, ali ndi mwana wamsinkhu wa Towela kumbuyo. Ndimagula nthochi kwa iyeyo tsiku ndi tsiku ngakhale kutsidya kuli zotchipa. Mwanayo wayamba kundizindikira, amandisekerera. Wa eni ake akundidziwa, wanga ayi.

Ndaganiza motere. Kobiri libwere kuno Bambo Kosta aligwire ndi manja awo. Akati ndi labwino, tilitumiza ku Amereka. Akati ayi, ndikwera basi monga tinapangana. A Tenson adutsa pa Chongwe mwezi wamawa pobwera kuchokera ku Chipata, adzaima pa boma. Auzeni Amayi kuti ndikulifuna kuno, ndipo mulikonze bwino kuti a Tenson akafika angonyamula. Iwo musawauze kuti m'phukusimo muli chiyani.

Ndatumiza 200. Mulipire anyamata akadule udzu wofolerera, tizigamba denga chaka chino chokha. Mbewu mugule yocha msanga. Ngati Mavis abweranso ndi nkhani ya ngongole ya mwamuna wake, muziti Yoramu sanatumize kanthu.

Musandikwiyire kwambiri.

Yoramu


Bertrams, Joni
27 Okutobala 1996

Amake Nathan,

Ndili moyo. Ndikhulupirira inunso muli moyo.

Phukusi lafika. Munalikulunga bwino kwambiri, nsalu, pepala, nsalu ina, ulusi. Ndinapita nalo ku sitolo osatsegula, kuti titsegulire limodzi ndi Bambo Kosta. Iwo anasamba m'manja, anayala nsalu yofewa patebulo, anayatsa nyale yawo. Ine ndinavala malaya oyera tsiku limenelo.

Jenala, kobiri lili ndi bowo.

Bowo latsopano, lowala, pakati penipeni pa njovu ziwiri. Ndinayang'anamo n'kuona nkhope ya Bambo Kosta mbali inayo. Iwo anayamba kuseka, anaseka mpaka anatsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi. Atapuma anaika kagalasi pa diso n'kuunika m'kati mwa bowolo. Akuti mkuwa ndi umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, mulibe mtovu ngakhale kadontho. Akuti, "Yoramu, lenze lazoona. Wamene anaboola ndiye watiyesela, mahala. Manje ni kobili chabe." Makobiri otero tili nawo odzaza thireyi, timagulitsa awiri pa randi imodzi kwa ana a sukulu.

Ndani wachita zimenezi? Ndinakuuzani kuti musalikweche, sindinadziwe kuti ndiyeneranso kunena kuti musaliboole. Mundiyankhe msanga, pa positi, musadikire a Tenson.

Sindinatumize kanthu mwezi uno. Si chifukwa cha mkwiyo, malipiro achedwa. Koma mkwiyo ulipo.

Yoramu


Bertrams, Joni
17 Novembala 1996

Amake Nathan, mkazi wanga,

Moni wa lero ndi wofewa kuposa wa kalata yapita ija. Imeneyo mukolezere moto. Ine ndili bwino, ndikudya, ndikugona. Ndasangalala kumva kuti mvula yoyamba yagwa ndipo mwadzala kale munda wa kumtsinje. Kaya Amayi, Nathan ndi Towela ali bwanji.

Yankho lanu ndalilandira ndipo ndaliwerenga kambirimbiri. Mwalemba kuti, "Ine ndinangowauza Amayi mawu anu monga munalembera, kuti Yoramu akulifuna kobiri ndipo akuti mulikonze bwino." Mwati Amayi anaomba m'manja n'kunena kuti, "Mwana wanga ali ndi nzeru kuposa atate ake. Lingapite bwanji ku Joni lili lolemala, anthu akatiseke?" Mwati m'mawa mwake anavala chitenje chatsopano, anakwera minibasi mpaka pa boma, n'kupita nalo kwa a Lemmy okonza njinga.

Ndinabwereza mawu anga m'mutu. Mulikonze bwino. Ine ndinkanena kukulunga. Koma munthu amene wakhala zaka makumi anayi akunena kuti chinthu n'cholemala, ukamuuza kuti chikonzeni, akonza chiyani? Ndipo ndine ndemwe ndinati Amayi asauzidwe kanthu. Pamenepo mlandu ndinauona kuti ukubwerera kwa mwini kalata, ndiye ndinayamba kuzizira.

Ndinawafunsa Bambo Kosta kuti andiuze zoona, likanafika lopanda bowo akanati chiyani. Analitembenuzatembenuza, anayendetsa chala m'mphepete. Akuti tizikanda ta wailesi ndi takuya kuposa momwe tinkaonekera papepala, ndiye nambala yapamwamba silikanapeza. Koma njovu zili bwino, mtundu uli bwino, likanapeza yapakati. Akuti akanandiuza kuti tumiza. Titachotsa zolipira zonse tikanatsala ndi ya theka la denga, ndipo ikanafika m'manja mwanga chapakati pa chaka chamawa. Ndiye sindinganame kuti sitinataye kanthu. Theka la denga lapita.

Lamlungu lapitali a Tenson anabwera kudzamwa tiyi. Ndinawafotokozera zonse, poti chobisa panalibenso. Anaseka n'kunena kuti, "Ah, kansi ni ija? Ninabapeza kwa ba Lemmy tsiku lija. Amai banu benze nkhale pa benchi, ba Lemmy benze kuboola. Koma wamene anagwilila kobili na pulayala kuti isayende-yende ni mulamu wanga, mwana ali kumbuyo. Anakamba ati, ba Lemmy, pakati-kati, musaphonye."

Zimenezi m'kalata yanu mulibe, Jenala.

Inu amene munapaka pensulo mbali zonse ziwiri. Inu amene munayeza pa rula, munapita nalo padzuwa, munawerenga ndi maso anu kuti mtengo wake uli pa kusowa kwa bowo. Inuyo munagwira pulayala. A Tenson atapita ndinakhala pabedi nthawi yaitali. Ndinkafuna kukwiya, ndinayesetsa ndithu, koma zinakanika. Ndinakufunsani maganizo anu mu Julaye n'kunena kuti musandibisire. Mwayankha mochedwa, koma yankho lamveka bwino, ndipo a Lemmy sanaphonye.

Sindikufunsani kanthu pa nkhaniyi, lero kapena ndikadzafika. Amayi musawauze za mtengo uja mpaka kale. Asangalale kuti anakonza chomwe amuna awo anakana kukonza. Ndidzawabwezera kobiri lawo n'kuwathokoza. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ndikugona tulo tabwino, tomwe ndinali nditatisowa kuyambira nyengo yozizira ija.

Malipiro anatuluka. Ndatumiza 250. Mugule thumba lina la feteleza wobereketsa, ndipo pulasitiki wakuda mamita angapo muyale pansi pa udzu mbali yomwe mumagona ndi mwana. Malata adzabwera pa nthawi yake, limodzi limodzi.

Mwamuna wanu, amene mwamugonjetsa,
Yoramu


Bertrams, Joni
8 Disembala 1996

Amake Nathan,

Ndili bwino kwambiri, ndipo ndikhulupirira kalatayi ikupezani mukupalira ndi mphamvu. Mwina ndifika ine kalata isanafike, koma ndalemba ndithu.

Tikiti ndagula. Ndinyamuka Lachisanu lomaliza Khirisimasi isanakwane, ndipo ngati pa Chirundu satichedwetsa ndidzatsika pa boma Lamlungu masana. Mavis auze mwamuna wake abwere ndi njinga, katundu ndi wolemera. Muli bulangete la Amayi, mpira wa Nathan, ndi kanthu kanu komwe sindinena. Bulangete la Jethro nalonso ndanyamula, a Tenson akalisiya kwa abale ake ku Katete.

Bambo Kosta andipatsa masabata atatu. Za Durban akuti aganiza chaka chikatha, ndiye za Januwale tidzakambirana tili pamodzi. Sindikufuna kuziganiza lero. Akupatsani moni, akuti mukadzafuna ntchito pakhomo pawo ndi potsegula, bola musabwere ndi a Lemmy.

Musaphe mbuzi, nkhuku ikwana. Chomwe ndalakalaka ndi chiwawa chotendera, cha m'munda mwanu, osati masamba a m'mapulasitiki a kuno.

Pempho langa ndi limodzi. Towela akadzandiona adzalira, poti kwa iye ndine mlendo wandevu. Musadzamukakamize kubwera kwa ine, ndipo Amayi muwauziretu kuti asadzamukalipire. Mudzangomukhazika pansi n'kupitiriza ntchito zanu. Ine ndidzakhala pakhonde, ndidzadikira mpaka abwere yekha.

Ine atate ake,
Yoramu Mbewe